Kabotolo ka Chivindikiro Chofiira

1. Chala cha Agogo

"Usayeze thupi lako ndi thupi la mnzako," anatero Agogo m'mawa wa Lachiwiri lija. "Mungafanane msinkhu, mungafanane jakisoni, koma m'kati simufanana."

Ananena mawuwa atagwada pakhomo la khitchini, atagwira mwendo wa Kamphepo ndi manja awiri.

Kamphepo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi anzake akusukulu, chifukwa pa liwiro panalibe womugwira. Anamupeza ndi matenda a shuga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo sankadya asanadzibaye jakisoni.

Ankakhala atatu m'zipinda ziwiri, pansanjika yachitatu: iye, bambo ake ndi Agogo. Mayi ake ankagwira ntchito kutali ndipo ankaimba foni Lamlungu lokha.

Agogo sanapondeko m'kalasi. Chilembo ngakhale chimodzi sankachidziwa, koma akakolo a anthu ankawadziwa. M'mawa uliwonse ankadinikiza chala chachikulu pamwamba pa kakolo wa mdzukulu wawo, n'kuwerenga mpaka kasanu, n'kuchotsa. Mnofu ukabwerera msanga ankati, "Pita." Anachitapo zimenezi pamiyendo ya amuna awo mpaka tsiku limene anawaika m'manda. Anachitanso pamiyendo ya mwana wawo.

Tsikuli kadzenje kamene chala chinasiya kanachedwa kubwerera.

"Ndi sokosi, Agogo. Yandithina."

"Sokosi," anabwereza Agogo, osamuyang'ana. "Agogo ako aamuna ankati ndi nsapato. Bambo akowa ankati ndi kukhalitsa pachiwongolero cha basi. Lero iwe ukuti sokosi. Tamvera, mwana iwe. Shuga ndi mmodzi, koma salowera khomo limodzi. Kwa ena amalowera m'maso. Kwa ena amayamba ndi zala za kumapazi. Ena amakhala naye mpaka imvi osawachita kanthu. Koma kwathu kuno amadziwa njira ya ku impso. Anaipeza mwa agogo ako, anaipeza mwa mchimwene wawo, waipeza mwa bambo ako. Ine sindidziwa kuti njirayo anamuuza ndani. Ndimangoona kuti sasochera. Lero kuchipatala akakupatsa kabotolo kaja ka mkodzo, ukachite zimene akuuze. Usakachite manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndamva, Agogo."

"Wamva ndi khutu. Ine ndikufuna umve ndi mtima."

Bambo ake anali pampando wawo wa pawindo, akuyang'ana mabasi akudutsa m'munsi. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankapita kukagona pamakina osefa magazi, maola anayi. Masiku enawo ankangokhala pawindopo ndi kapu imodzi ya madzi, yoti amwe pang'onopang'ono mpaka masana. Sankayankhula zambiri. Koma m'mawawu anatembenuka.

"Ine kabotoloko ndinakathawa zaka zisanu," anatero. Kenako anabwereranso kuwindo.

2. Fomu ya mpikisano

Panali zinthu ziwiri zimene Agogo sankazidziwa.

Choyamba chinali thovu. Kwa miyezi iwiri Kamphepo akapita kuchimbudzi ankaona thovu pamwamba pa mkodzo, loyera ngati la sopo, losafuna kutha. Ankagujumula madzi mwamsanga, nthawi zina kawiri, chifukwa Agogo anali ndi chizolowezi cholowa iye akangotuluka, ati kukatenga tsache.

Chachiwiri chinali m'chikwama chake: fomu yochokera kwa mphunzitsi wa masewera. Patatsala miyezi inayi kunali mpikisano waukulu wa masukulu, mumzinda wina. Kamphepo anasankhidwa kuthamanga maulendo awiri kuzungulira bwalo. Koma pansi pa fomuyo panali malo oti adokotala asaine ndi kudinda.

"Popanda chidindo sukwera basi," anatero mphunzitsiyo. "Ine sindifuna milandu."

Kusukulu Kamphepo analibe mnzake weniweni. Belu la chakudya likalira, anzake ankathamangira kumzere, iye n'kulowera kuchimbudzi cha atsikana kukadzibaya. Akamatuluka ankapeza matebulo adzaza, nkhani zili pakati. Ankadya yekha pamasitepe a kuseri kwa laibulale. Anyamata ena ankamukuwa kuti "Tiyi wotsekemera kale."

Koma pabwalo zinali zina. Pamenepo palibe ankakumbuka za shuga. Ankangomva dzina lake likuchokera mbali zonse. Ndiye tsopano kabotolo kakang'ono kamulande zimenezo?

3. Pabenchi la chipatala

Agogo sankalola kuti apite yekha kuchipatala. Anakhala pabenchi la m'khonde atakumbatira chikwama cha makadi, maso akuyendayenda ngati mlonda wa pageti.

"Kamphepo! Wabwera ndi apolisi ako?"

Anali Wayilesi, mtsikana wa msinkhu wake, wa sukulu ina. Ankakumana pabenchi lomwelo kuyambira ali aang'ono, chifukwa shuga anawapeza chaka chimodzi. Ankamutchula choncho chifukwa akayamba kuyankhula panalibe pomuzimitsira.

"Mwadzuka bwanji, Agogo? Mwadinikiza kale lero, kapena ndikupatseni wanga mwendo?"

"Wako ndilibe nawo ntchito," anayankha Agogo. "Ukanandipatsa lilime, ndikanadinikiza."

Wayilesi anaseka mpaka namwino anasuzumira. Kenako anakokera Kamphepo kumapeto a benchi.

"Wakwinyiranji nkhope ngati ndimu?"

Kamphepo anamuonetsa fomu ija. Anamuuzanso za thovu, monong'ona.

"Basi? Iwenso! Thovu ndi chiyani? Ine dzulo ndadya keke zidutswa ziwiri, jakisoni ndakumbukira ndili pabasi. Shuga wanga amakwera kuposa wako, umadziwa. Koma chaka chilichonse amandiuza kuti impso zili bwinobwino. Azakhali anga ali ndi shuga zaka makumi atatu, mpaka lero amavina paukwati. Agogo akowa amangokuopseza. Ngati ine ndili bwino, iwe wosamala chonchi ungadwale bwanji?"

Ana inu, mawu otsekemera ndi amene amafunika kuwaopa. Wayilesi sankanama. Zonse zimene ananena zinali zoona, koma zinali zoona za thupi lake.

Namwino anabwera ndi timabotolo tiwiri ta zivindikiro zofiira. Analemba pa kalikonse n'kuwapatsa.

"Mukudziwa kale. Pakati pa mkodzo, osati woyambirira. Musadzaze mpaka kukamwa ngati mukugulitsa."

Analowa kuchimbudzi onse awiri. Munali zitseko zitatu ndi sinki yodontha. Kamphepo anaima pagalasi, kabotolo kali m'manja, osasuntha.

"Wayilesi."

"Ee?"

"Undithirireko wako."

Kwa nthawi yoyamba chidziwireni, wayilesi ija inazima.

"Ukunena zoona?"

"Ulendo uno wokha. Akangondidindira fomu, mpikisano ukatha, ndidzabwera ndekha kudzayezetsa. Ndalumbira."

Wayilesi anayang'ana kuchitseko, n'kuyang'ananso mnzakeyo. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa. Koma ukawina, mendulo tidzavala mosinthana. Mwendo ndi wako, koma mkodzo ndi wanga."

Anaseka onse awiri.

4. Mapasa

Anaika timabotolo tija pathireyi ya namwino. Agogo anadzuka pabenchi, anayandikira, nawerama. Zolembedwazo sakanatha kuziwerenga. Anayang'ana zam'katimo.

"Anamwino, timabotoloti tafanana ngati mapasa."

"Timabotolo tonse timafanana, Agogo."

"Sindikunena timabotolo. Ndikunena mtundu wa madziwo. Mdzukulu wangayu sanamwe kanthu chidzukireni. Uyu wamwa botolo lathunthu ine ndikuona. Zifanana bwanji?"

Namwino anaseka, ndipo anthu a pabenchi anasekanso.

"Agogo, mukatilanda ntchito. Khalani pansi, makina ndi amene aone."

Agogo anakhala pansi. Anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Kamphepo anali kalikiliki kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Adokotala anali mayi wa magalasi, wodekha poyankhula. Anayang'ana pepala la zotsatira n'kumwetulira.

"Mkodzo uli bwino. Chaka chatha munaoneka kachizindikiro kakang'ono, ndinali ndi nkhawa, koma lero mulibe. Kuthamanga kwa magazi kwakwerako pang'ono. Mwina ndi mantha a chipatala. Tidzaonanso ulendo wamawa."

"Adokotala," anatero Agogo, "ine ndine wosaphunzira, mundikhululukire. Koma chala changa chaona kadzenje lero m'mawa."

Adokotala anawerama n'kudinikiza mwendo wa Kamphepo. Panali patapita maola, ndipo mnofu unabwerera.

"Nkhawa yanu ndi yomveka, Agogo, ndipo zimene mumanena za kumtundu si nthano ayi. Mwana amatengera kwa makolo mphuno ndi msinkhu. Amatengeranso zina zosaoneka, timalangizo ta m'thupi tonena mmene chiwalo chilichonse chipangidwire. Timalangizoti timasiyana munthu ndi munthu. Impso zili ngati sefa. Ena anabadwa ndi sefa yopirira shuga zaka zambiri. Ena yawo imayamba kubooka msanga. N'chifukwa chake mwana amene bambo ake ali pamakina timamuyang'anitsitsa kuposa anzake. Si kuti adzadwala ndithu ayi. Koma sefa ikayamba kudontha, malo oyamba kuonekera ndi m'kabotolo kaja. Lero kabotolo kakuti zili bwino."

Anatenga fomu, anasaina, n'kudinda. Chidindocho chinalira kuti *di!* Kamphepo anadzidzimuka ngati chamugunda pachifuwa.

Pobwerera anakhala mpando umodzi m'basi. Atafika pamasitepe a kunyumba, Agogo anaima pokhotera poyamba kuti apume.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Chitseko chinali chotseka. Koma ngati pali chimene wachita, bwerera mawa ukanene. Munthu akanamiza sing'anga, matenda samva nawo bodzalo."

"Palibe, Agogo."

"Chabwino. Kwera."

5. Nsapato

Kuyambira sabata imeneyo Kamphepo anayamba kuchoka m'nyumba Agogo asanatuluke m'bafa. Ankati mphunzitsi akufuna azifika msanga. Ankavala masokosi aatali mpaka m'mawondo, ngakhale kutenthe bwanji. Madzulo ankalowa, n'kudya, n'kupinda miyendo pansi pa tebulo.

Agogo ankatuluka ndi thaulo paphewa n'kukuwa pamasitepe.

"Iwe! Mwendo!"

"Ndachedwa, Agogo! Mawa!"

Mawa limenelo silinafike. Agogo ankatsala ataima pakhomo, chala chili m'mwamba, chopanda podinikiza.

Bondo litayamba kupweteka chifukwa cha kuthamanga, mtsikana wina wa m'timu anamupatsa mapiritsi opha ululu, ogula pasitolo. Agogo anapeza kapepala ka mapiritsiwo m'thumba la siketi pochapa. Sanawerenge, koma anakadziwa mtundu wake.

"Awa ndi aja adokotala analetsa bambo ako! Anati amapweteka impso. Anzakowo angamwe, iwe ayi. Kodi ndinene kangati? Chimene mnzako wadya n'kugona, iwe chingakugoneke."

Kamphepo anati sadzamwanso. Anangosintha pobisa.

Thovu lija linachuluka. M'mawa zikope zinkakhala zolemera. Pabwalo liwiro lake linayamba kutsika, ndipo mphunzitsi ankayang'ana wotchi n'kupukusa mutu.

"Ukudya kwambiri iwe. Taona masaya."

Tsiku la mpikisano linafika. Linali Lachinayi. Basi inayenda maola atatu, anzake akuimba njira yonse, iye atatsamira galasi. Pabwalo panali anthu ochuluka, makolo atanyamula maambulera ndi mabotolo a madzi. Kwa iye sikunabwere munthu. Bambo ake sakanatha ulendowo, ndipo Agogo sakanawasiya okha.

M'chipinda chosinthira zovala anatulutsa nsapato zake zothamangira, zimene anavala chaka chonse. Phazi linakana kulowa. Anamasula zingwe zonse. Anavula sokosi. Anakankha mpaka misozi, ndipo linalowa, mnofu utatumphukira m'mbali.

Mfuti yoyambitsira mpikisano italira, Kamphepo anadumpha monga mwa masiku onse. Theka la bwalo anali patsogolo. Kenako miyendo inalemera ngati bulangeti lonyowa. Mmodzi anamudutsa. Wachiwiri. Wachitatu. Mpweya unkalowa koma osafika. Belu la ulendo womaliza linalira iye ali kumbuyo kwa onse.

Pokhotera chakutali, kumene kunalibe oonerera, anangokhala pansi pamzere woyera. Sanagwe ayi. Anakhala ngati munthu amene wafika. Kutali anamva anthu akukuwa dzina la wina.

Nsapato zija anachita kuzidula ndi sizasi.

6. Kadzenje

Lachisanu masana Kamphepo anali pabedi m'chipatala chake chija, pansanjika yachiwiri, pafupi ndi windo. Agogo anali pampando wachitsulo, chikwama cha makadi chili pamiyendo.

Adokotala a magalasi aja analowa ndi mapepala awiri. Anakoka katani kuzungulira bedi n'kuwaika pabulangeti, moyandikana.

"Ili ndi la miyezi inayi yapitayo. Ili ndi la lero. Lero mkodzo wadzaza ndi zomanga thupi, zimene zimayenera kutsala m'magazi. N'chifukwa chake watupa. Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, mwanawe, ndipo mapepala awiriwa akundivuta kukhulupirira kuti ndi a munthu mmodzi. Sindikufuna kukukalipira. Ndikufuna ndidziwe kuti sefayi inayamba liti kudontha. Mkodzo uja unali wako?"

Kamphepo anayang'ana kudenga.

"Ayi."

"Thovu unayamba kuliona liti?"

"Miyezi isanu ndi umodzi yapitayo."

"Pali mankhwala ena amene wakhala ukumwa?"

Anawauza za mapiritsi aja. Adokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Unaopa chiyani?"

"Kuti simundidindira fomu."

Adokotala anavalanso magalasi aja.

"Ndikanadinda," anatero. "Tsiku lija ukanandipatsa mkodzo wako, ndikanakupatsa kapiritsi kamodzi patsiku koteteza impso, ndikanakonza jakisoni wako, ndikanakuletsa mapiritsi enawo. Mwina ndikanadinda patapita sabata ziwiri, koma ndikanadinda. Kuthamanga sikunali mdani wako."

Kenako adokotala anapitiriza.

"Tsopano tiyambira pamene tili. Mankhwala tiyamba lero lomwe. Magazi tatenga kale, ndipo mawa m'mawa tidziwa kuti impsozi zatsala ndi mphamvu yochuluka bwanji. Zikhoza kukhala kuti tafika nthawi ikadalipo. Sindikulonjeza zimene sindinaone."

Anatola mapepala aja. Asanatuluke anatembenukira kwa Agogo.

"Munanena, Agogo. Ine ndinakhulupirira pepala."

"Pepala silinalakwe," anayankha Agogo. "Linanena za mwini wake."

Atatsala awiri, Kamphepo anadikira mkuntho. Anadikira kuti amve za agogo ake aamuna, za mbewa ya manyazi, za wosamva amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Akanakonda kukalipiridwa. Koma Agogo anangokonza bulangeti kumapazi kwake, osakhudza mwendo.

"Simudinikiza, Agogo?"

"Ndidinikizirenji? Ndikuona ndi maso."

Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira chitsulo cha bedi.

"Lero ndi Lachisanu. Bambo ako ali pansipa, pamakina. Ndinawauza kuti wapweteka bondo. Nanenso ndanama, waona? Bodza limabala. Akamaliza ndiwabweretsa kuno. Koma za kabotolo sindinena ine. Unena wekha."

"Agogo, chonde."

"Chonde ndinamunena ine pamasitepe, miyezi inayi."

Anatuluka. Katani inagwedera n'kuima.

Kamphepo anatenga foni. Uthenga umene anatumizira Wayilesi m'mawa unaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho panalibe. Mayi ake anali oti adzaimba Lamlungu. Pagulu la timu anali kutumizirana zithunzi za mendulo.

Anaika foniyo chafufumimba. Anakankha bulangeti, anapinda bondo, n'kuika chala chake chachikulu pamwamba pa kakolo. Anadinikiza. Anawerenga mpaka kasanu, monga ankachitira Agogo, n'kuchotsa.

Panatsala dzenje loti mungalowe nsawawa. Anawerenga mpaka khumi. Mpaka makumi awiri. Dzenjelo linangomuyang'ana.

Ali pa makumi atatu, anamva kukhonde mapazi a anthu awiri. Ena anali a Agogo, aafupiafupi. Enawo anali olemera, okhwekhwereza, oimaima pafupipafupi. Ankawadziwa bwino. Anali a munthu amene anathawa kabotolo zaka zisanu.

Mapaziwo anafika pakatani, n'kuima.